Kuphunzitsa za kudimba m'mphindi 20

Kale mlangizi ankasonkhanitsa anthu pansi pa mtengo mpaka dzuwa kufika paliwombo, iwo ali phee. Masiku ano theka la ola lisanathe, amayi amayamba kubereka ana kumsana, anyamata maso ali pa foni. Kuwakalipira sikuthandiza. Fupikitsani phunziro.

Sankhani mutu umodzi wokha, tinene kufesa tomato pa nazale. Za mankhwala a tizilombo ndi za misika zisiyireni tsiku lina, ngakhale pakamwa payabwe.

Zonse zikhale zokonzeka dzulo lake: bedi lolimidwa la mita 1 m'lifupi, manyowa owola bwino, mbewu, kamtengo kolembera mizere, keni ndi udzu wouma wopanda njere. Mukayamba kutuma mwana kukabwereka khasu anthu atafika kale, gulu mwalitaya.

Mphindi 3 zoyamba nenani vuto lomwe onse amalidziwa: mbande kuwola patsinde n'kugwa. Mphindi 12 zotsatira musaime kutsogolo ngati mlaliki. Itanani awiri, mayi ndi bambo, agwire okha. Alembe mizere yotalikirana masentimita 10 mpaka 15, yakuya sentimita 1. Afese mopatula, chifukwa mbande zothithikana sizipitidwa mphepo, ndiye chinyontho chikachuluka matenda amazigwira msanga. Akwirire pang'ono, aphimbe ndi udzu, athirire ndi keni ya timabowo kuti madzi asafukule mbewu. Apa bwerezani kawiri: udzu uchotsedwe mbewu zikangomera. Ukachedwa, mbande zimatuluka zazitali, zowonda ndi zoyezuka, ndipo zambiri zimafa mukawokera.

Mphindi 5 zotsala n'za mafunso. Sipalephera munthu wofuna kufotokoza mbiri yonse ya dimba lake. Muuzeni mwaulemu kuti, "Bambo, imeneyo tikambirana tikamaliza, musachoke."

Chomwe chimadya nthawi kwenikweni si inu ayi, koma malonje ndi malankhulidwe. Pemphero, amfumu, apampando a kalabu, mlendo wolemekezeka, pofika pa inu anthu atopa kale. Kaonaneni ndi amfumu pasadakhale, mupemphe kuti atsegule mwachidule, mawu ena adzanene kumapeto.

Pewani tsiku la msika, ndipo m'mudzi mukagwa maliro sinthani tsiku. Yambani m'mawa dzuwa lisanatenthe. Pomwazikana auzeni adzabwerenso pakatha sabata imodzi, mbewu zitamera, adzachotse okha udzu uja. Za kuwokera mudzaphunzitse pa bedi lomwelo pakatha masabata 4.