Momwe mungaponyere mwambi kuti munthu amve osapsa mtima

Ndasoka zovala pakhonde la sitolo ina ku Limbe kwa zaka zoposa 30, ndipo pamakina anga a Singer paphunzirira anyamata ndi atsikana angapo. Kwathu ku Ndirande ndinenso nkhoswe ya ana atatu a alongo anga. Ntchito ziwirizi zimandilangizitsa anthu pafupifupi sabata iliyonse, ndipo chida changa chachikulu ndi miyambi. Ndaona anthu odziwa miyambi yambirimbiri akukolezera mkangano womwe anabwera kudzazimitsa, pomwe gogo wodziwa isanu yokha amauthetsa tiyi asanazizire. Kusiyana kwawo kuli pa kaponyedwe, ndipo ndi zimene ndikufuna ndikuuzeni.

Yambani ndi kufunsa. Ine sindidula nsalu ndisanamuzungulize tepi mwini wake, ndipo mwambi nawonso ndimauyeza pa munthu ndisanautulutse. Kumapeto kwa 2023, boma litatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala, mnyamata wina amene ndinkamuphunzitsa anayamba kufika mochedwa tsiku ndi tsiku, pomwe madiresi aukwati a mu Disembala anali atawunjikana. Pakamwa panga panali patakonzeka kale mwambi woti zengerezu adalinda kwawukwawu. Mwamwayi ndinayamba ndamufunsa kuti wadya chiyani m'mawawo. Sanadye kanthu. Mtengo wa minibasi unali utakwera, ndiye ankayenda wapansi kuchokera ku Machinjiri kuti ndalama yokwerera isanduke ufa wa mayi ake. Ndikanamutchula waulesi kudzera m'mwambi uja, akanagwetsa nkhope n'kunena kuti "ndamva, bambo", koma mumtima akanadziwa kuti sindikumudziwa. Tinangogwirizana kuti azifika 9 koloko ndipo ine ndizimuonjezera ya basi yobwerera. Tsiku limenelo mwambi sunafunike n'komwe.

Mafunso ake si ovuta. Zinayamba liti? Wayesapo chiyani? Wauzako ndani? Mukafunsa, khalani chete kufikira amalize, ngakhale atazungulira kutali.

Mukamvetsa nkhani, sankhani mwambi umodzi basi. Pazinkhoswe zambiri mumzinda muno mlangizi akagwira maikolofoni amathira miyambi khumi motsatizana, anthu n'kumaimba m'manja, koma mukawafunsa aŵiri otomeranawo mawa lake sakumbukira ngakhale umodzi. Umodzi woyenera, wonenedwa pang'onopang'ono, munthu amapita nawo kunyumba n'kukautafuna pogona.

Kusankhako n'kumene kuli ntchito yeniyeni, chifukwa miyambi yathu imakokerana mbali ziwiri, ndipo makolo anachita zimenezi akudziwa. Pali woti kuona maso a nkhono n'kudekha, palinso woti pakadafunda padajiwitsa galu. Woyamba ukuti usapupulume. Wachiwiri ukuti usakakamire malo chifukwa choti ndi ofunda, ngati galu uja anakana kuchoka paphulusa mpaka chilombo chinamupeza pomwepo. Onse ndi oona, koma si a munthu mmodzi. Mtsikana amene wasoka miyezi itatu yokha, kolala ikumukanikabe, n'kumafuna kale kutsegula shopu yake ku Chirimba, ameneyo ndi wa maso a nkhono. Koma bambo amene wakhala zaka 10 pa ntchito yomwe malipiro sakwera, luso ali nalo, makasitomala akumuitana okha, iye n'kumaopabe kuchoka, mukamuuza za kudekha mwamumangirira pamtengo. Ameneyo mumuuze za galu. Chimodzimodzi ndi woti fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ndinaunena kwa mphwanga wina amene ankafuna kugulitsa makina ake osokera kuti apeze ya basi ya ku Johannesburg, kumene munthu wongomudziwira pa Facebook anamulonjeza ntchito. Sindikanaunena kwa munthu amene ali ndi mapepala okwanira komanso mbale womudikira kumeneko. Dzifunseni kuti munthuyu wapendekera mbali iti, ndipo mwambi wanu umukokere mbali inayo.

Malo nawo ndi ofunika. Bongololo sadzolera mafuta pagulu. Wophunzira akalakwitsa msoko kasitomala ali pomwepo, ndimangotenga chovalacho n'kusula ulusi mwakachetechete, zolankhula zimadikira madzulo tikamalowetsa makina m'sitolo. Mwambi woponyedwa pagulu anthu amauseka, ndipo wolangizidwayo amakumbukira kusekedwako, phunziro n'kutayika. Pankhani za banja ndimayamba ndaonana ndi mwamuna payekha, mkazi payekha, kenaka ndi nkhoswe mnzanga wa mbali inayo, tisanakhale pansi tonse.

Musaganize kuti aliyense akuona chithunzi chomwe inu mukuona. Mwana wobadwira ku Queens n'kukulira ku Chilomoni mwina sanaonepo amuna akunyamula denga la nkhokwe kuti alikweze pamwamba, ndiye mukati mutu umodzi susenza denga, kwa iye ndi mawu a pamayeso a Chichewa basi. Mufotokozereni m'mawu aŵiri atatu kuti dengalo amalimangira pansi, ndi lolemera ndiponso lotambalala, mwakuti munthu mmodzi akaliyesa limamupinda khosi. Mukati safunsa anadya phula, muuzeni kuti phula ndi lija njuchi zimamangira zisa, ndipo mlendo wosafunsa analimeza poyesa kuti ndiye uchiwo. Akaona chithunzicho amayamba wamwetulira, ndipo munthu akamwetulira khutu latseguka. Ndikaona kuti chithunzi chakumudzi chili kutali kwambiri, ndimatenga cha pafupi. Mnyamata wokonda Bullets kapena Wanderers amamva msanga ndikamufunsa ngati goloboyi yekha anawinapo chikho pa Kamuzu Stadium.

Pa munthu amene zikumuyendera, yambani mwadziyeza nokha. Woti ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika ndi mwambi wabwino, koma nthawi zambiri umatuluka m'kamwa mwa munthu wansanje. Mmodzi mwa amene ndinawaphunzitsa tsopano ali ndi makina amagetsi anayi ndipo amasoka mayunifolomu a sukulu zingapo, kundiposa ine kutali. Atagula galimoto, anzanga apakhonde ankayembekeza kuti ndimuponyera wa ng'omawo. Ndinadzifunsa ngati walakwira munthu, ndipo ndinapeza kuti ayi. Chomwe ndinamuuza ndi chimene ndimauza aliyense wochoka pamakina anga, kuti ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Blantyre amaoneka wamkulu, koma kasitomala amene wamunyoza ku Limbe udzamupeza ali wapampando wa komiti yaukwati ku Zingwangwa.

Zachikondi ndiye zofuna dzanja lofewa koposa. Woti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere musaunene za chibwenzi cha munthu ngati nyererezo simunazione ndi maso anu. Mukangounena chifukwa mnyamatayo ndi wa mtundu wina kapena amavala mosakusangalatsani, mwana wanu adzakwatiwabe, ndipo tsiku lomwe zidzavute sadzabwera kwa inu. Woti mapanga awiri avumbwitsa umagwira bwino pa mwamuna amene akuyendetsa mabanja awiri mobisa, koma muunene mutamuonetsa kale mvula ikumuvumbwayo, monga fizi ya ana yosalipidwa, ngongole ya katapila ndi mkazi amene wasiya kufunsa komwe wachokera.

Apa mundimvetsetse. Pamene pali kumenyana, miyambi ikani pambali. Mawu oti banja ndi kupirira abwezera akazi ambiri m'nyumba momwe anatulukamo atathyoka mkono, ndipo amene anawanena anali ankhoswe ngati ine. Dziko lino lili ndi lamulo loletsa nkhanza za m'banja kuyambira 2006, ndipo kupolisi kuli ofesi ya Victim Support Unit. Mwana wa mlongo wanga atafika usiku diso litatupa, sindinafunefune mawu okoma. Ndinamuuza kuti, "Mwanangu, ugona konkuno, mawa tipita kuchipatala kenaka kupolisi." Mwamuna wake ndinamuuza mosapsatira kuti chimene wachita ndi mlandu. Mwambi umasiyira munthu mpata womasulira yekha, ndipo womenya mkazi sayenera kupatsidwa mpata umenewo.

Lolani kuti akubwezereni. Mtsikana wina ndikumuletsa kujambula madiresi pafoni nthawi ya ntchito anandiyankha mwaulemu ndithu kuti, "Bambo, pepani, koma tsabola wakale sawawa." Ndinamva kutentha m'makutu, komabe ndinamufunsa chomwe akutanthauza. Anandionetsa amayi atatu amene anaona zithunzizo pa WhatsApp n'kufunsa mtengo. Kaunjika anatilanda makasitomala ambiri ife atelala, ndipo mwanayu anali atapeza njira yowabwezera yomwe ine sindinkaidziwa. Lero maoda ambiri a zitenje amabwera pafoni, ndalama ya chikole n'kulowa pa Airtel Money kapena Mpamba. Wachinyamata akakuyankhani ndi mwambi, ndiye kuti wakulemekezani polankhula chinenero chanu, choncho muyeseni ngati akunena zoona musanakwiye.

Mukaponya mwambi wanu, musaumasulire mpaka kuuphwetsa, ndipo musafunse kuti "wamva?" kawiri katatu. Khalani chete pang'ono, kenaka perekani chinthu chogwirika, kaya ndi tsiku lodzakumananso, dzina la munthu woti akamuone, kapena nsalu yotsala yoti akayesererepo kolala kunyumba. Akale anati mawu a akuluakulu akoma akagonera, ndiye apatseni masiku ogonerawo. Ine ndimadikira sabata imodzi, kenaka Lamlungu tikaweruka kutchalitchi ndimadzera kunyumba kwake ngati ndikungodutsa, nditanyamula nthochi kapena buledi wa ana. Ndimakhala pampando, ndimafunsa za mvula ndi mtengo wa makala, nkhani ija osaitchula. Akaiyambitsa yekha timapitiriza pomwe tinalekezera, ndipo akapanda kuiyambitsa ndimamwa madzi, ndimatsanzika, n'kudzabweranso Lamlungu linalo.