Malangizo Okonzanso Pansi pa Mapulanga M'nyumba

Pansi pa mapulanga pakacita mikwingwilima n'kuthimbilila, musathamangile kuzula. Nthawi zambili cimene catha ndi cikuto ca pamwamba cabe, pulanga lenilenilo likali lolimba. Kupala kamodzi kumadya pafupifupi milimita imodzi, conco pulanga lokhuthala limapalidwa kangapo lisanathe. Mukapala ndi kupaka, zobaya kumapazi zimatha, fumbi limasowa pobisala, ndipo madzi akatayika mumangopukuta. Kuti mudziwe ngati nthawi yakwana, donthezani madzi pomwe anthu amapondaponda kwambili. Akakhala ngati mkanda, cikuto cikali bwino. Akalowa n'kusiya banga lakuda, cikuto catha.

Cotsani katundu, sesani, ndipo khomani misomali yonse kuti imile mkati mwa pulanga. Msomali umodzi wotulukila umang'amba sandipepa nthawi yomweyo.

Nambala ya sandipepa imasokoneza ambili: yaing'ono ndiye yokakala. Yambani ndi 40, kenako 60, 80, mutsilize ndi 100 kapena 120. Musalumphe nambala pofuna kufulumila, cifukwa mizele imene 40 wasiya 120 sangaifafanize, ndipo vanishi ikagwa m'pamene imaonekela bwino. Palani motsatila mitsempha ya pulanga, osati mopingasa. Makina opalila asaime pamalo amodzi akali kuzungulila. Mukangotembenuka kuyankha munthu, mupeza akumba kadzenje kooneka ngakhale muli pakhomo. Valani cotseka mphuno ndi pakamwa.

Liwu lakuti finish pa cigubu silitanthauza kumaliza nchito. Ndi mankhwala amene amatsala pa pulanga kuti aliteteze, ndipo alipo a mitundu iwili. Mtundu woyamba ndi polyurethane, vanishi imene imakhala pamwamba ngati khungu. Yosungunula ndi madzi imauma m'maola 2 mpaka 4 ndipo siisintha kwenikweni mtundu wa pulanga. Ya mafuta imacedwa, imanunkha kwambili, ndipo m'kupita kwa zaka imacita cikasu. Mtundu wina ndi mafuta olowa mkati mwa pulanga. Amenewa amafuna kupakanso kawilikawili, koma ine ndimawakonda pa cifukwa cimodzi: pakakalika, mumakonza pamalo pomwepo osapala cipinda conse.

Pakani mopyapyala kawili kapena katatu, kuyambila kukona ya kutali kubwela kukhomo, kuti musadzitsekele mkati. Ngati pansipo panali kupakidwa polishi, acoke yense, apo ayi vanishi idzasupuka ngati khungu la njoka.

Kuuma ndi kukhwima n'zosiyana, ngakhale kuti ambili amaziphatikiza. Tsiku lotsatila mungayendepo ndi masokosi, koma mkati cikutoco cikali ciwisi. Polyurethane ya madzi imakhwima pakatha pafupifupi mlungu umodzi, ya mafuta ingafike mwezi. Musayale kapeti nthawiyi isanakwane, ndipo mipando muziinyamula, osaikoka.

Cenjezo ili pa cigubu limalembedwa m'tizilembo tating'ono, koma ndi lalikulu. Nsanza zonyowa ndi mafuta a linseed, amodzi mwa mafuta olowa mkati mwa pulanga, zikaunjikidwa zimatentha zokha mpaka kuyaka, popanda macisi. Ziyanikeni panja imodzi-imodzi, kapena zimizeni m'citini ca madzi. Thumba la fumbi la makina nalonso likhutuleni panja musanakagone.