Momwe mungatetezere chipinda cha pansi pa nyumba ku chinyezi

Musathamangire kugula penti yoletsa madzi musanadziwe kumene chinyezi chikuchokera. Dulani pulasitiki wa masentimita 45 mbali zonse, mummate pakhoma ndi tepi m'mphepete monse, ndipo mudikire masiku awiri. Madontho akakhala pamwamba pa pulasitikiyo, vuto ndi mpweya wa m'chipindamo. Akakhala kunsi kwake, madzi akudutsa m'khoma kuchokera m'nthaka. Ufa woyera womwe umatuluka pakhoma ndi umboni winanso: ndi mchere umene madzi amasiya akauma.

Ngati madzi akuchokera kunja, yambirani kunjako. Chotsani masamba m'ngalande za padenga, ndipo mapaipi otsitsa madzi a mvula azikataya patali mamita awiri kuchokera kukhoma. Dothi lozungulira nyumba litsetsereke, kutsika masentimita 15 m'mamita atatu oyambirira. Nthawi zambiri izi zokha zimathetsa vutolo.

Zikakanika, kumbani m'mbali mwa khoma mpaka pa maziko, chigawochigawo, osapitirira kunsi kwake chifukwa nyumba ikhoza kutitimira. Tsukani khomalo, liume, kenako pakani phula kawiri, lachiwiri loyamba litauma. Phimbani ndi pulasitiki wochindikala kuti miyala isang'ambe phulalo. Pansi yalani paipi yobooka ya mamilimita 100, mabowo ayang'ane pansi, itsike sentimita imodzi pa mita iliyonse kulowera kotayira madzi. Apa ndi pomwe ambiri amaphonya: paipi ikhale pansi kuposa simenti ya m'chipindamo, apo ayi madzi adzalowa asanaipeze. Ikwirireni ndi miyala yosweka yokulungidwa m'nsalu yosefa ya geotextile. Popanda nsaluyi matope amatseka mabowo.

M'kati mwa chipindamo, ngati khoma lili ndi mng'alu, ukulitseni ndi tchizulo kufika masentimita awiri, m'kati mwake mukhale motambalala kuposa kukamwa, kenako tsekani ndi simenti ya hydraulic, yomwe imalimba msanga ngakhale pali madzi. Sakanizani yodzaza dzanja limodzi basi, imauma m'mphindi zitatu kapena zisanu. Mng'alu wopingasa kapena womwe ukukulirakulira muuonetse kwa injiniya. Kumene madzi a m'nthaka ali pafupi, kumbani dzenje pakona yotsikitsitsa muikemo pampu yodziyatsa yokha, yokhala ndi valavu yoletsa madzi kubwerera.

Ngati vuto ndi mpweya, gwiritsani ntchito makina oyamwa chinyezi kuti chisapitirire 60 peresenti, pomwe nguwi imayamba kumera. Musayanikemo zovala, ndipo tsiku lotentha lachinyezi musatsegule mawindo, chifukwa mpweya wofundawo ukagunda khoma lozizira umasanduka madontho.