Momwe mungamangire dziwe losambiramo kuseri kwa nyumba n'kubzalako akanjedza

Musanaitane mmisiri, yambani mwawerengera madzi. Dziwe langa ku Lilongwe ndi la konkire, mamita 8 mulitali, 4 mulifupi, kuya kwake kuyambira mita 1.2 mpaka 1.8. Mukachulukitsa mupeza malita pafupifupi 48,000, omwe ndi madiramu 240 a malita 200. Ngati kwanu madzi a Water Board amabwera usiku wokha, kapena kumpopi kumangotuluka mpweya mu Okutobala, dziwani kale komwe madiramu amenewo achokere. Ena amagula a pa bauza, ena amapopa pa mjigo. Kukumba mjigo kumafuna chilolezo cha National Water Resources Authority, ndipo madzi ake muwayezetse. Akakhala ndi chitsulo chambiri amasanduka ofiirira mukangothiramo klorini, ndipo kumadera ena a ku Chikwawa ndi Nsanje amakhala amchere.

Pulani ijambulidwe ndi injiniya, mupite nayo ku khonsolo ya mzinda kuti ivomerezedwe. Anthu ambiri amalumpha zimenezi poti n'zakuseri kwa mpanda, koma mawa lino mukadzayambana ndi neba pa nkhani ya madzi olowa pa poloti pake, pepala lija ndi lomwe lidzakuyankhulireni.

Kusankha malo ndi kukumba

Sankhani pomwe dzuwa limawomba nthawi yaitali, kutali ndi mango, jakaranda ndi bulugamu. Masamba ake mudzatopa nawo, mizu yake idzakankha khoma. Talikiraninso sepitiki tanki ndi maziko a nyumba, ndipo dziwani podutsa mapaipi ndi mawaya a pansi piki isanawapeze.

Kumbani kaye dzenje loyesera, lakuya mamita awiri, mulisiye usiku wonse. M'mawa mukapeza madzi atadikha pansi, ndiye kuti muli pa dambo, ngakhale wokugulitsani poloti analumbira kuti ndi pamtunda. Pamalo otere pamafunika ngalande ya miyala kuzungulira dziwe komanso valavu ya pansi yolowetsa madzi a m'nthaka, apo ayi dziwe lopanda madzi likhoza kunyamuka lonse m'nyengo ya dzinja. Dothi la makande nalo limafufuma likanyowa n'kung'ambika likauma, choncho limafuna kuchotsedwa ndi kuikapo gelevulo wotsenderedwa bwino.

Kumbani pakati pa Meyi ndi Ogasiti kuti konkire ithe mvula ya Novembala isanafike. Ine ndinalemba aganyu a mapiki, mafosholo ndi mawilibala chifukwa makina okumbira sakanalowa pageti. Gwirizanani mtengo wa dzenje lonse, osati wa patsiku, ndipo muuzane poyera kuti mukakumana ndi thanthwe mudzatani. Onjezani theka la mita mbali zonse kuti amisiri apeze poima. Dothi lakuda la pamwamba liunjikeni palokha, mudzalifuna pobzala mitengo. Lofiira lotsalalo ndi lambiri kuposa momwe mukuganizira, funsani omwe akumanga pafupi, ena amadzatenga okha.

Zitsulo ndi mapaipi

Pansi mutsendere, muthire kakonkire kopyapyala kosalazira, kenako zitsulo. Kwa ine injiniya analemba Y12, zitsulo zonenepa mamilimita 12, motalikana masentimita 20 mbali zonse, ndipo za pansi zikhote n'kukwera m'khoma osadukiza. Zitsulo zisagone pansi: zikwezeni ndi timabuloko ta simenti kuti konkire izikute masentimita 5.

Pogula zitsulo pitani nokha ndi choyezera. Alipo ogulitsa omwe amakulemberani Y12 pa lisiti, koma zofika pamalo n'zowonda ngati Y10, ndipo kutalika kwake kosakwana. Simenti ikhale ya 42.5, nambala ya mphamvu yake yolembedwa pathumba, ndipo thumba lililonse muligwire. Lokhala ndi zibuma lakhalitsa kapena linanyowa. Matumba osokedwanso pakamwa omwe amagulitsidwa motchipa m'mbali mwa msewu asiyeni. Mitengo sindilemba pano chifukwa imasintha musanafike n'kunyumba komwe, koma chiwerengero ndi ichi: pansi ndi makoma ochindikala masentimita 20 amadya konkire pafupifupi makyubiki mita 15, ndipo pa matumba 7 kyubiki iliyonse mukukamba za matumba oposa 100, pulasitala ndi poyendapo tisanawerengere.

Mapaipi onse alowe konkire isanathiridwe: wa pansi, wa kabokosi kokoka zinyalala za pamwamba, obweza madzi, ndi mabowo a magetsi. Akhale a PVC a mamilimita 50, opirira mphamvu ya pampu, osati aja otayira madzi a kubafa ngakhale amaoneka ofanana. Atsekeni kumapeto, muwadzaze madzi, muone ngati sakudontha.

Kuthira konkire: apa ndi pomwe pagona nkhani

Dziwe silidontha pakati pa khoma kawirikawiri. Limadontha pamkumano, pomwe khoma lakumana ndi pansi. Konkire yatsopano ikathiridwa pa inzake yomwe yauma kale, ziwirizi sizigwirana kukhala chinthu chimodzi. Pamatsala kamzere koti ndi maso simungakaone, koma madzi olemera matani 48 amakapeza.

Kwathu zinayenda chonchi. Tsiku lothira, pansi panatha bwinobwino masana. Lole yachiwiri ya miyala ya kwale, yomwe ndinali nditalipira kale, sinabwere. Mwini wake anayamba ndi zoti dizilo wasowa, kenako tayala laphulika, kenako foni osapezeka. Makoma anathiridwa sabata yotsatira. Pofika nthawi imeneyo pamkumano panali patagwera fumbi, utuchi wa shatala (matabwa otchingira konkire pothira khoma), tizidutswa ta waya ndi masamba. Kapitawo anati, "Bwana musadandaule, pulasitala idzatseka zonsezo." Tinapaka pulasitala, tinamata matailosi, tinadzaza madzi, ana anasambira.

Kenako madzi anayamba kutsika, zala ziwiri tsiku lililonse. Aliyense amati ndi dzuwa. Nayi njira yosiyanitsira, ndipo siifuna ndalama: tengani chidebe, muchidzaze madzi a m'dziwe momwemo, muchikhazike pa sitepe kuti madzi a m'kati ndi a kunja alingane. Lembani mzere m'kati ndi kunja, muzimitse pampu, mubwere mawa nthawi yomweyo. Dzuwa ndi mphepo zimamwa mofanana konsekonse, mamilimita ochepa chabe patsiku. Ngati a kunja atsika kwambiri kuposa a m'chidebe, dziwe likudontha. Kwathu kusiyana kunali koonekeratu, ndipo kapinga wa pakona ya kozama anali wobiriwira yekha mu Seputembala pomwe kwina konse kunali gwaa.

Kuti mupeze malo enieni, dikirani madzi adekhe, mulowe ndi sirinji yopanda singano yodzaza utoto wothira m'zakudya, muzifinya pang'onopang'ono motsata mkumano. Podontha, utoto suyandama, umakokedwa n'kulowa m'khoma mukuona. Ife tinapeza malo angapo, onse pamzere umodzimodzi.

Kukonza kwake n'kowawa. Madzi onse anatayidwa, mzere wa pansi wa matailosi unaphwanyidwa kuzungulira dziwe lonse, mkumano unagobedwa ndi chizulo, n'kutsukidwa, n'kudzazidwa ndi simenti yapadera yoletsa madzi, kenako kona yonse inaumbidwa mozungulira kuti isakhale yakuthwa. Matailosi a mtundu womwewo anali atatha m'sitolo, moti mpaka lero mzere wa pansi ndi wosiyana pang'ono ndi anzake. Ndipo madzi anagulidwa kachiwiri.

Tsono inu chitani izi. Musayambe kuthira zipangizo zonse zisanafike pamalo: simenti, mchenga wa kumtsinje wosefa wopanda matope, kwale, madzi m'madiramu, mafuta a makina osakanizira, ndi jenereta poti ESCOM siidziwa kuti lero mukuthira konkire. Wogulitsa kwale mumulipire lole ikatsitsa. Ngati muli ndi anthu okwanira, thirani pansi ndi makoma tsiku limodzi osapumira, agawane magulu, nsima idyedwe mosinthana. Ngati sizingatheke, thirani pansi pamodzi ndi kachipupa ka masentimita 15 kuzungulira, ndipo pakati pa kachipupako mumize lamba wa PVC wotchedwa waterstop, theka m'kati, theka kunja kudikira khoma. Tsiku lothira khoma, gobani pamwamba pa kachipupa kuti miyala ionekere, mutsuke, munyowetse, muthire phala la simenti, konkire itsatire phala lisanaume.

Muyezo ndi umodzi wa simenti, iwiri ya mchenga, itatu ya kwale, poyezera chidebe chimodzimodzi, osati fosholo. Onjezani mankhwala oletsa madzi monga mwa malangizo a pachigubu. Amisiri amakonda konkire yamadzimadzi chifukwa siivuta kukankha, koma imeneyo ikauma imatsala ndi timabowo. Imani pamakina pomwepo. Bwerekani vaibuleta, makina ogwedeza konkire kuti itsendereke, kugogoda shatala ndi hamala sikukwanira pa khoma la mita 1.8. Mukachotsa matabwa, thirirani m'mawa ndi madzulo kwa masiku osachepera 7 mutafunditsa masaka, ndipo konkire imafika pamphamvu yake pa masiku 28.

Zikatero dzazani madzi musanapake pulasitala, musanamate tailosi ngakhale imodzi, ndipo injiniya akalola, musanakwirire kunja kwa makoma. Masiku oyamba konkire imamwako, ndiye dikirani sabata musanayese ndi chidebe chija. Yendani kunja kwa khoma mukuyang'ana ponyowa. Kukonza pa nthawi imeneyi ndi ntchito ya tsiku limodzi. Mmisiri akamakufulumizitsani kuti mulumphe zimenezi, mufunseni ngati angalembe pansi kuti likadontha adzakonza ndi ndalama zake.

Pulasitala, pampu ndi magetsi

Kwirirani kunja pang'onopang'ono mukutsendera. M'kati mupake pulasitala ya mankhwala, kenako matailosi ang'onoang'ono omata ndi guluu wa m'madzi, osati wa kubafa. Penti ndi yotchipa lero koma imasupuka. Poyendapo pakhale mita imodzi ndi theka, posaterera, popendekera kunja kuti madzi a mvula asamakokolere matope m'dziwe.

Pa dziwe la kukula uku pampu ya 0.75 kW ndi fyuluta ya mchenga zimakwana, zikamayenda maola 6 mpaka 8 patsiku. Pampu zakale zochokera ku Joni zopakidwanso penti zilipo zambiri, uzani wogulitsa ayiyatse mukumva. Magetsi a m'madzi akhale a 12 V, waya alumikizidwe ndi munthu wa chiphaso cha MERA, ndipo pakhale switchi yozima yokha magetsi akathawira m'madzi. Amene angakwanitse aike pampu ya sola, chifukwa magetsi akazima masiku angapo mu Novembala ndere siichedwa, ndipo dziwe lobiriwira ndi khola la udzudzu.

Akanjedza

Ubwino wa mitengo ya mtundu wa kanjedza ndi mizu. Ndi yambirimbiri koma yowonda ndipo siinenepa ndi zaka, choncho siiswa khoma monga amachitira mango. Komabe siyani mamita awiri kuchokera m'mphepete mwa madzi.

Si yonse yoyenera. Kokonati amakondwa kotentha monga ku Nkhotakota ndi Karonga, ku Lilongwe kuzizira kwa Juni ndi Julaye kumamufooketsa, ndipo chipatso chake chikagwera mwana ndi maliro. Mvumo nawo zipatso zake n'zolemera, mgwalangwa umakula mochedwa. Kanjedza wathu wa m'madambo, yemwe timanyamula masamba ake Lamulungu la Kanjedza, ndi wokongola ndipo savuta, koma ali ndi minga patsinde pa masamba ndipo amaphukira ana ambiri. Muikeni pakona ya mpanda, kutali ndi oyenda opanda nsapato. Queen palm amayoyola tizipatso toterera. Ine ndinasankha golden cane motsata mpanda, chifukwa amatseka maso a aneba, ndi royal palm awiri kumbuyo. Ku nazale za m'mbali mwa msewu, kwezani chubu muone pansi. Ngati dothi ndi latsopano ndipo mtengo ukugwedera, wangozulidwa dzulo kwinakwake.

Bzalani mu Disembala mvula itakhazikika. Dzenje likule kawiri kuposa chubu, musakanize dothi lakuda lija ndi manyowa owolerana, ndipo musakwirire kupyola pomwe dothi linalekezera kale. Waukulu mumangirire ku zikhomo. Nsonga yake isavulale, chifukwa kanjedza amakulira pamtima pamodzi pokha, pakafa tsinde lonselo lafa. Yang'anirani chiswe, ndipo madzi otsukira fyuluta asamapite ku mitengo.

Zotsalazo n'zachidule. Mpanda wa mita 1.2 kuzungulira dziwe, wa geti yodzitseka yokha, uime madzi asanalowe, ngakhale ana anu ndi akuluakulu, poti a alendo ndi a antchito si akuluakulu. Gulani kabokosi koyezera madzi: pH, muyezo wa asidi m'madzi, ikhale pakati pa 7.2 ndi 7.6, klorini pakati pa 1 ndi 3 ppm (mamiligiramu pa lita). Klorini wa HTH muthire madzulo dzuwa litapepa. Asidi ndi klorini zisakumane m'chidebe chimodzi kapena pashelefu imodzi, ndipo mankhwala ndi omwe amathiridwa m'madzi, osati madzi m'mankhwala. Fyuluta muzitsuka geji yake ya mphamvu ya madzi ikakwera, ndipo dziwe lisakhuthulidwe pakati pa Disembala ndi Epulo.