Momwe mungaonere ngati katswiri wa za GMO (mbewu zosinthidwa chibadwa mu labu) ntchito yake ili ndi mphamvudi kapena ndi phokoso chabe

Inu amene mukusaka supavaiza wa masters kapena PhD pa za biotechnology ya mbewu, musamangotengeka ndi CV yonenepa, pali njira yoonera nokha ngati asayansi anzake amagwiritsadi ntchito zomwe munthuyo analemba. Poyeserera tengani Marc Van Montagu wa ku Ghent, Belgium, poti za iyeyu palibe amatsutsa. Iye ndi Jeff Schell ndi ena mwa omwe anatulukira kuti bakiteriya wa Agrobacterium amalowetsa DNA yake m'mbewu, mu 1983 gulu lawo linali m'gulu la oyamba kusintha fodya mwa njira imeneyi, ndipo mu 2013 analandira World Food Prize limodzi ndi Mary-Dell Chilton ndi Robert Fraley.

Yambani ndi Google Scholar, ndi yaulere, bandulo yanu basi. Lembani dzina, munthuyo ngati anatsegula profile muona ma citation onse (kuchuluka kwa nthawi zomwe mapepala ake atchulidwa m'mapepala ena) ndi h-index. H-index ya 40 ndiye kuti ali ndi mapepala 40 omwe lililonse latchulidwa ka 40 kapena kuposa, anaiyambitsa ndi Jorge Hirsch mu 2005.

Tsopano pa dzinapa khalani pansi kaye, ndi pomwe ine zinandivuta. Ngati palibe profile mumatenga Publish or Perish, pulogalamu yaulere ya Anne-Wil Harzing, muyike pa laputopu osati pa foni, ndiye imakuwerengerani yokha. Vuto ndi loti makinawa sadziwa munthu, amangoona zilembo. Van Montagu pena amatuluka "M Van Montagu" pena "MV Montagu", mukasaka kalembedwe kamodzi mapepala ena amatsala ndipo nambala imatsika. Mayina athuwa ndiye ayi ndithu, ndinasaka wofufuza wina wa dzina lofala ngati la Banda kapena Phiri, h-index inatuluka yoopsa zedi, kutsika m'munsi ndikupeza mapepala a malungo, a chuma, a misewu, anthu osiyanasiyana aunjikidwa ngati munthu mmodzi. Ndiye sakani kalembedwe konse komwe dzinalo lingatuluke, onjezani liwu la ntchito yake monga Agrobacterium, cassava kapena Bt (bakiteriya yemwe jini yake imalowetsedwa m'mbewu kuti zizipha mbozi), kenako muyende pepala ndi pepala mukuchotsa tiki pa zomwe si zake, mukuona yunivesite yomwe yalembedwa pansi pa dzina komanso anzake omwe amalemba nawo. Ndi zotopetsa koma palibe chidule, kupatula ngati ali ndi ORCID, nambala ija ya manambala 16 yomwe safanana ndi wina, imeneyo mufunseni pa imelo osachita manyazi.

Scopus ndi Web of Science, nkhokwe zina zowerengera ma citation, n'zolongosoka kuposa Scholar koma n'zolipira, ndalama zake si za mwana wasukulu. Anyamata ogulitsa ma password pa WhatsApp aja asiyeni, lero ilowa mawa yatsekedwa, munthu wazimitsa foni. Pitani ku laibulale ya koleji mukafunse za Research4Life ndi AGORA, ndondomeko zothandiza maiko osauka kupeza ma journal, masukulu a ku Malawi amawerenga ma journal ambiri a zaulimi mwaulere kudzera mmenemo.

Dzina likayera, dinani "Cited by" pa mapepala akuluakulu muone akumutchula ndani komanso chifukwa chanji. Pepala la Gilles-Éric Séralini la 2012 la makoswe odyetsedwa chimanga cha GM linatchulidwa kwambiri, koma journal ya Food and Chemical Toxicology inalichotsa mu 2013, ambiri omutchulawo anali kumutsutsa. Wina amadzitchula yekha pepala lililonse, mumuona msanga. Onaninso malo a dzina, mu biology woyamba nthawi zambiri ndi amene anagwira ntchito mu labu, womaliza ndi mwini labu, wapakati pa anthu makumi awiri mwina anangobwereketsa makina.

Ma journal, yang'anani ngati ali pa DOAJ (mndandanda wa ma journal owerengedwa mwaulere omwe anaunikidwa) kapena Scopus, aja olonjeza kusindikiza sabata imodzi mukangolipira ndi a katangale. Dzina liponyeninso pa Retraction Watch, pomwe amalemba mapepala ochotsedwa m'ma journal, ndi Google Patents, pomwe muona zotulukira zomwe analembetsa umwini. Zaka zisanu zapitazi wasindikiza chani, poti ena akudyerabe pepala limodzi lakalekale. Ndipo ophunzira ake akale muwapeze pa LinkedIn muwafunse ngati amayankha ma imelo.