Kupaka deki ndi mpanda wa matabwa kuno ku Joni

Inu amene mumagwira ntchito m'magadeni a ku Randburg, Fourways kapena Roodepoort, tsiku lina bwana adzakulozerani deki, khonde lija lapanja loyala matabwa pansi, yotuwa mbuu n'kukuuzani kuti muipake. Musathamangire chitini cha vanishi. Johannesburg ili pamtunda, mamita pafupifupi 1,750 kuchokera panyanja, ndiye dzuwa la kuno limadya matabwa mofulumira. Kuyambira Okutobala mpaka Marichi kumagwa mvula ya mabingu chakumasana, nthawi zina yamatalala, pa thabwa lomwe latentha tsiku lonse. Mu Juni ndi Julayi kumauma gwa, m'mawa chisanu chitayera pa kapinga. Thabwa limafufuma likanyowa, likauma limabwerera, koma vanishi imakhala chikhungu chouma pamwamba pake. Imang'aluka, madzi amalowa kunsi, kenako imayamba kusendeka zigamba zigamba. Amene adzapale zimenezo atagwada ndi inu nomwe.

Ine ndimapaka mafuta olowerera m'kati mwa thabwa, aja amalembedwa kuti ndi a deki kapena a panja. A Woodoc ndi a Rystix amapezeka ku Builders ndi m'mahadiweya ambiri. Sankhani okhala ndi mtundu, kaya ofiirira pang'ono, chifukwa mtunduwo ndi umene umatchinga dzuwa. Opanda mtundu amakongola mwezi woyamba, koma thabwa limatuwanso msanga. Mafuta akatha mphamvu amangozilala, sasendeka, ndiye chaka chamawa mumangotsuka n'kupakanso.

Musanayambe, dziwani mtengo umene mukulimbana nawo. Balau ndi wolemera, wolimba, umachokera ku mayiko monga Malaysia ndi Indonesia, ndipo sumwa mafuta ambiri. Garapa ndi wachikasu, wa ku South America. Saligna ndi bulugamu yemweyu, amang'aluka msanga mukamulekerera. Mipanda yambiri ndi ya paini wobiriwirako, wothiridwa mankhwala a CCA oletsa chiswe ndi kuwola. Onani chidindo chake: H3 ndi wa panja koma osakhudza dothi, H4 ndi wokwirira pansi ngati nsanamira. M'mankhwalawa muli poizoni wa arsenic, choncho valani chophimba kumphuno popala, ndipo zidutswa zake musasonkhere moto wowotchera nyama kapena wowotha m'nyengo yozizira. Utsi ndi phulusa lake n'zoopsa. Paini akakhala watsopano, wonyowabe ndi mankhwala, mudikireni aume kaye.

Nthawi yabwino kwa ine ndi Epulo kapena Meyi mvula itangotha, apo ayi Seputembala mvula isanayambe. Ogasiti ndimamuzemba chifukwa cha mphepo yake ya fumbi, lomwe limamatirira pa mafuta osauma.

Yambani ndi kuchotsa miphika ya maluwa ndi mipando, musese, kenako mutenge waya kapena mpeni wakale muchotse zinyalala m'mipata ya pakati pa matabwa. Anthu ambiri amadumpha pamenepa. M'mipatamo mumadzaza masamba ndi maluwa a jakaranda aja amayoyoka mu Okutobala ndi Novembala, amawolera momwemo, madzi osatsika, thabwa n'kumawola cham'mbali pomwe pamwamba likuoneka labwinobwino. Tsukani ndi burashi yolimba ndi madzi a sopo motsatira utali wa thabwa. Makina opopera madzi mwamphamvu aja bwana akakupatsani, musawayandikize kwambiri, amakumba thabwa n'kulisiya la ubweya. Pamene pada chifukwa cha dzimbiri la misomali, mankhwala otchedwa oxalic acid osungunula m'madzi amayeretsa. Valani magolovesi, mutsukuluze bwino, musiye masiku awiri kapena atatu adzuwa.

Likauma, khomani misomali yotuluka, mangitsani masikuluwu, mupale ndi sandipepa wa nambala 80. Wosalala kwambiri amatseka thabwa, mafuta osalowa. Kenako donthezani madzi pang'ono: akalowa msanga, thabwa lakonzeka. Akangokhala timibulu pamwamba, zopaka zakale zikadalipo, palani ndithu.

Pakani m'mawa mame atauma kapena chakumadzulo, osati thabwa likuwotcha chikhatho. Takasani chitini mpaka pansi chifukwa mtundu umadikha, ndipo muzitakasanso apo ndi apo. Tengani matabwa awiri kapena atatu, muwapake kuchokera kumutu mpaka kumapeto osaima pakati, poima pamasiya mzere wakuda. Pakani mopyapyala. Pakapita mphindi zingapo, pukutani ndi nsanza mafuta amene sanalowe, makamaka pa balau, apo bii pamakhala pomata masabata ambiri, agalu a bwana n'kusiyapo mapazi. Kuchuluka kwa makoti, kapena kuti maulendo opaka, ndi maola odikira, tsatirani zolembedwa pa chitinicho. Kumapeto kodulidwa kwa thabwa ndiko kumamwa madzi kwambiri, kumeneko musaumire, pakani mpaka kukhute.

Pa mpanda, malo ovuta ndi kumutu ndi kumunsi. Nsonga za m'mwamba zipakeni kawiri katatu. Kumunsi fukulani dothi ndi manyowa zisakhudze matabwa, ndipo tembenuzani sipulinkala isamathire mpanda m'mawa uliwonse. Pakani mbali zonse ziwiri ngati aneba alola, chifukwa thabwa lopakidwa mbali imodzi limapindika. Mbali yoyang'ana kumpoto ndi kumadzulo ndi imene imapsa kwambiri kuno, imatha kufuna kupakidwa kawiri pomwe ya kumwera ikadali bwino. Koma ya kumwerayo ndi imene imagwira ndere, iziyenderedwa ndi burashi.

Deki yokhala pamtetete imafuna koti imodzi yopyapyala chaka chilichonse, pena kawiri. Muwauziretu bwana zimenezi pokambirana mtengo, asadzati munagwira ntchito yachinyengo ikayamba kuzilala. Miphika ya maluwa ikhazikeni pa timiyendo kapena njerwa kuti pansi pazipita mphepo, ndipo muziisuntha.

Nsanza zonyowa ndi mafutawa musaziunjike m'galaja kapena m'pulasitiki. Mafuta akamauma amatulutsa kutentha, ndipo mulu wa nsanza umatha kuyaka wokha usiku. Ziyanikeni imodzi imodzi panja pa simenti mpaka ziume gwa, kapena muzimize m'ndowa ya madzi musanazitaye.