Laputopu ikayamba kuchedwa mutaika Windows 11

Abale anga muno mu Harare, ambiri mwasamukira ku Windows 11 poti Windows 10 inasiya kulandira zokonza pa 14 October 2025. Ngati laputopu yayamba kuyenda ngati nanzikambe, musathamangire kukaigulitsa m'tauni.

Choyamba ipatseni nthawi. Ikangosinthidwa imakhala ikusanja mafayilo ndi kukoka zotsala mwakachetechete. Vuto lathu kuno ndi magetsi: akazima, laputopu imagwiritsa batire ndipo imadzichepetsa liwiro dala, ntchito ija osatha. Ndiye magetsi akabwera usiku, ilumikizeni ku chaja, muisiye yoyaka mpaka kucha.

Ikapitirizabe, dinani Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi kuti mutsegule Task Manager, pulogalamu yoonetsa zimene laputopu ikugwira. Mu Task Manager pitani pa Startup apps, muzimitse mapulogalamu odziyatsa okha amene simuwafuna. Mlongo wanga ku Highfield anali nawo asanu ndi awiri, fani ikulira osapuma.

Mu Task Manager momwemo muonenso pa Disk. Ikakhazikika pa 100%, kawirikawiri ndi hard drive (chosungira mafayilo) yakale, ndipo kuika SSD, chosungira chothamanga kwambiri, kumathandiza kuposa china chilichonse. RAM (memori yogwirira ntchito) ya 4GB ndi yongokwanira kuyatsira, 8GB ndiye bwino.

Zikakanika, pa Settings, System, Recovery pali Go back yobwererera ku Windows 10, koma mwayi umenewu ndi wa masiku 10 okha kuchokera pamene munaika Windows 11.